Mzere Wosanjenjemera

Pali milandu imene wapolisi amaithamangira, ndipo pali ina imene amapitako akukoka miyendo. Sajeni adapita ku nyumba yoonetseramo zithunzi akukoka miyendo. Adali atagwira ntchito yofufuza milandu kufikira imvi zitamutuwitsa mutu, mawondo ake adali atayamba kulosera mvula kuposa a zanyengo, ndipo moyo udali utamuphunzitsa kuti munthu wofuula kwambiri pa foni kawirikawiri si amene wapwetekedwa kwambiri.

Mwini nyumbayo adamuchingamira pakhomo. Antchito ake ankamutchula kuti Bwana Mpango, chifukwa cha kansalu kamene sankakachotsa m'khosi ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

"Mwachedwa, a Sajeni! Ndachita manyazi pamaso pa wogula wanga wamkulu. Lowani mudzionere nokha."

Adamutsogolera m'chipinda chachikulu cha makoma oyera, n'kuloza. Pakhomapo padapachikidwa chinsalu chokokedwa pa felemu, chachikulu ngati chitseko chogonekedwa chammbali. Chidali chotuwa, mtundu wa mchenga wouma. Padalibe munthu, padalibe nyama, padalibe ngakhale kamtengo. Chimene chidalipo udali mzere umodzi wofiirira, wodutsa cha m'munsi kuchokera mbali ina kukafika mbali inzake.

"Ndaona," adatero Sajeni. "Akuba atenga chithunzi, akusiyirani nsalu."

"Ayi! Chithunzicho chimaoneka chonchi. Koma ichi si chimenecho."

Sajeni adakhala pa benchi imene idali pakati pa chipindacho, natambasula mwendo wopwetekawo. "Tayambirani poyambira, bwana. Ine za zithunzi sindinaphunzire."

Bwana Mpango adafotokoza manja ali m'mwamba. Zithunzi zonse za m'chipindamo zidali za mayi mmodzi wojambula, ndipo zonse zidali za chipululu. Mayiyo sankajambula zinthu monga momwe maso amazionera. Ankasiya malo aakulu opanda kanthu, ndipo malo opanda kanthuwo ndiwo adali mwini nkhani. Chachikulu pa zonse chidagulidwa ndi mayi wina wa hotela tsiku lotsegulira chionetsero, napangana kuti adzachitenga chionetserocho chikatha. M'mawa umenewo ndiye adabwera kudzatenga katundu wake.

Mayi wa hotelayo adali chiimire pafupi ndi zenera, makiyi a galimoto akulira m'manja mwake.

"Ine, abambo, sindigula chinthu ndisanachigwire, kaya ndi makatani kaya ndi nsomba," adatero. "Tsiku lija anthu ali kalikiliki kuomba m'manja, ine ndinayendetsa chala pakati apa. Panali mchenga weniweni, unandikanda. Lero ndagwira, pali see ngati pa mbale. Sindinabadwe dzulo ine. Ndikufuna changa, ndipo alendo akundidikira."

"Ali ndi makiyi a nyumba ino ndani?" adafunsa Sajeni.

"Ine, ndi mayi wojambulayo, basi," adayankha Bwana Mpango. "Chitseko sichinathyoledwe, mazenera ali bwinobwino. Ndipo ndikuuzeni, pogulitsa anandivuta. Anavomera, kenako analira, kenako anavomeranso. Anthu aluso! Watenga chake mwakabisira n'kutipachikira chabodza. Chimenechi ndi chinyengo, a Sajeni, ndipo ndikufuna agone m'chitokosi lero lomwe."

Ndi khalidwe loipa, koma lofala, kuti munthu amene wadyera thukuta la mnzake kwa zaka amakhala woyamba kumuitanira unyolo tsiku limene zinthu zasokonekera. Sajeni sadanene zimenezi, pakuti sadalembedwe ntchito yolalikira. Adadzuka, navala magalasi ake, nayendera zithunzi zinazo chimodzi chimodzi. Chilichonse chidali ndi mzere wake, ndipo mzere uliwonse unkanjenjemera: apa wakwera pang'ono, apa watsika, apa wanenepa, apa watsala pang'ono kuduka, ngati njira ya munthu woyenda atatopa.

Atabwerera pa chachikulu chija adaona kuti mzere wake udali wowongoka ngati waya wa magetsi. Adawerama, mawondo akudandaula, nayang'ana m'mbali momwe nsalu imapindikira kuseri kwa felemu. Pamene mzerewo unkayambira padali kabowo kakang'ono, konga ka kamsomali. Pamene unkathera padali kena. Adapakapo chala, ndipo chalacho chidabwerako ndi fumbi la buluu.

"Mwapeza chiyani?" adafunsa Bwana Mpango.

"Fumbi," adatero Sajeni, napukuta chala pa kansalu ka m'thumba.

* * *

Mlonda wa panyumbapo adali bambo wachikulire wa mano owerengeka. Adakhala pa mpando wa pulasitiki pakhonde, chibonga chili pamiyendo.

"Bwana, ine maso anga ndi awiri koma amagwira ntchito ya anayi," adayamba asanafunsidwe. "Pano sipadutsa ngakhale mphaka ndisanamufunse kumene akupita."

"Mayi wojambula munawaona?"

"Lamulungu masana, nyumba ili yotseka. Anatsegula okha, analowa chimanjamanja, anatuluka chimanjamanja. Ndinasuzumira pa zenera, poti ndi ntchito yanga, osati miseche ayi. Anaima pa chinsalu chija, kenako anakhala pa benchi n'kumangochiyang'ana. Anakhalitsatu, bwana. Ine ndimati mwina akudikira kuti anthu atulukiremo ngati pa kanema."

"Potuluka anati chiyani?"

"Palibe. Sananditsanzike, chinthu chimene sanachitepo. Nkhope ngati akumana ndi mzukwa."

"Wina amene analowa kapena kutuluka ndi katundu wamkulu?"

"Mlendo? Palibe. Ndikanamuona."

Sajeni adausa moyo, natsamira khoma la pafupi ndi chitseko kuti apumitse mwendo. Pakhomapo padalembedwa dzina la chionetserocho ndi utoto wakuda, zilembo zoima mwadongosolo ngati asilikali pa perete. Pochoka adaona kuti mkono wa malaya ake wada. Udada ndi fumbi la buluu. Adayang'anitsitsa, ndipo pansi pa zilembozo padali kamzere ka choko kosafufutika bwino, kowongoka kuchokera kumapeto mpaka kumapeto.

"Analemba izi ndani, achikulire?"

"Aa, amenewo ndi a Zikwangwani. Amenewo si mlendo, ndi wantchito ngati ine ndemwe. Amalowa ndi mabolodi okuta m'masaka, kutuluka ndi mabolodi okuta m'masaka. Loweruka anabwera kudzakonza chilembo chimene chinasupuka. Kodi kalipentala amafunsidwa kuti thabwa ukupita nalo kuti?"

"Amapezeka kuti?"

"Ku shopu kwawo, kuseri kwa msika wa zitsulo. Amagona komweko." Mlondayo adatsitsa mawu, nasendeza mpando. "Simukudziwa kodi? Ndi amuna awotu a mayi wojambula aja. Kapena ndinene kuti anali. Chimwalirire mwana wawo, awiriwa salankhulana. Ngakhale moni, bwana."

* * *

Mayi wojambulayo adatsegula chitseko Sajeni asanagogode. Adali wamtali, wowonda, atavala kale nsapato ndi juzi, kachikwama kali m'manja.

"Ndimakudikirani, bambo. Tiyeni."

"Mlendo sabwerera pakhomo, mayi. Mawondo angawa akupempha mpando, ndipo kukhosi kwauma."

Mayiyo adamuyang'ana kanthawi, kenako adamupatsa njira. M'nyumbamo munkanunkha utoto. Zinsalu zidatsamira makoma zitafulatira, maburashi adali m'zitini, ndipo pa shelefu padali botolo lopanda kanthu, lotsukidwa kunja, timchenga towerengeka tili pansi pake. Mayiyo adabwera ndi madzi m'kapu. Dzanja lake linkanjenjemera kotero kuti pofika kwa Sajeni madzi ena adali atadontha pansi, kusiya kanjira kuchokera kukhitchini.

"Ndine ndinasintha chithunzi," adatero ali chiimire. "Lembani zomwezo."

"Tilemba. M'botolo umo munali chiyani?"

Mayiyo adayang'ana botololo. Adakhala pansi, kachikwama kali pamiyendo, nalankhula ndi mawu a munthu amene nkhani yake waibwereza mumtima mpaka yatha misozi.

"Tinali ndi mwana mmodzi, wamwamuna. Anapita ndi anzake kukafuna ntchito kutsidya kwa chipululu. Galimoto imene anakwera inafera pakati. Amene anapulumuka ndiwo anadzatiuza. Thupi sitinalione. Ine ndinapita komweko, ndinati ndikaone pamene anagona. Nditafunsa kuti manda ali pati, munthu wondiperekeza anangotambasula dzanja, kuchokera uku mpaka uko. Ndiye ndinagwada n'kutapa mchenga m'botolo. Manja angawa anayamba kunjenjemera tsiku limenelo, ndipo sanasiye."

"Mchengawo uli kuti?"

"Ndinausakaniza ndi utoto wa chithunzi chachikulu chija, wonse. Anthu amati pakati paja palibe kanthu. Ndi pamene pali mwana wanga."

"Nanga munagulitsiranji?"

"Ndinatopa, bambo. Munthu sungagone m'nyumba imodzi ndi manda."

Sajeni adagwedeza mutu. Kutopa kotere ankakudziwa. "Mafelemu amakukhomerani ndani?"

"Munthu wina. Amangowasiya pakhomo, sagogoda."

"Ndipo chithunzi chenicheni mwachiika kuti?"

Maso a mayiyo adathawira ku zenera. "Ndinachiwotcha."

"Mayi," adatero Sajeni mofatsa, "bodza ndi bodza ngakhale litavala malaya a chifundo. Mlonda anakuonani mukulowa chimanjamanja ndi kutuluka chimanjamanja. Ndipo taonani pansi apa. Mwanditungira madzi, theka ndamwa ine, theka yamwa simenti. Dzanja limeneli silinalembe mzere uja."

"Ndavomera mlandu. Lamulo likufunanso chiyani? Nditengeni ine."

Sajeni adaika kapu pansi, nadzuka movutikira monga munthu wokalamba. "Chabwino. Tiyeni."

Adatuluka, mayiyo patsogolo pang'ono, mutu uli chiwongokere. Atafika pa mphambano Sajeni adakhotera kumanzere, kumene kunkamveka kulira kwa nyundo pa zitsulo.

Mayiyo adaima. "Ku polisi si uku."

"Ndikudziwa, mayi. Ndakalambira komweko."

* * *

Shopu ya a Zikwangwani idali kachipinda kopapatiza ka malata. Panja padatsamira mabolodi odikira eni ake: la malo ometera, la wogulitsa nyama, ndi lina loletsa anthu kutaya madzi pakhoma. Mwini wake, bambo wa mapewa otakata ndi ndevu zaimvi, adagwada pansi akuyamba bolodi latsopano, ndipo sadawaone akubwera.

Sajeni adaimitsa mayiyo ndi dzanja, nayang'ana. Bamboyo adakhoma kamsomali mbali ina ya bolodi, nakhoma kena mbali inzake. Adatenga chingwe, nachipaka choko cha buluu, nachimanga pa misomali iwiriyo. Kenako adachikoka pakati ndi zala ziwiri n'kuchisiya. Chingwe chidalira kuti twa, ndipo pa bolodi padatsala mzere wowongoka.

"Mumayamba chonchi nthawi zonse, amisiri?"

Bamboyo adatukula mutu. Ataona yunifomu sadadzidzimuke. Ataona amene adaima kumbuyo kwa yunifomuyo adadzuka, navula chipewa, maso ake nakhazikika pa nsapato za Sajeni.

"Nthawi zonse, bwana. Amene anandiphunzitsa ntchito ankati burashi isakhudze bolodi chingwe chisanalire. Dzanja limanama, chingwe sichinama."

"Sichinamadi," adatero Sajeni. "Sindikuchedwetsani. Mayi awa avomera mlandu wachinyengo, akuti anasintha chithunzi chimene chinagulidwa kale. Ndikupita nawo ku chitokosi. Ndangodzera kuno kuti mudziwe kokapereka bulangete."

Chipewa chidagwa m'manja mwa bamboyo.

"Avomera chiyani? Awa? Awa sanabepo ngakhale singano chibadwire!"

"Asalankhule," adatero mayiyo, koma adauza Sajeni, osati mwamuna wake. "Muwauze asalankhule."

Bamboyo adatembenuka, nakankha chitseko cha mkati. Kuseri kwa shopuyo kudali kachipinda kogona: bedi lachitsulo, mbaula yozima, ndi mpando umodzi woyang'ana kukhoma. Pakhomapo, kuchokera ngodya mpaka ngodya, padali chithunzicho. Ngakhale Sajeni, amene za zithunzi sadaphunzire, adaona kusiyana kwake. Kuwala kolowera pa bowo la malata kunkagwira timchenga, ndipo malo otuwawo ankaoneka akuya, ngati munthu angathe kuyendamo tsiku lonse osafika. Mzere wake unkanjenjemera. Pafupi ndi mpando padali chitini cha utoto wakuda, chosatseka, ndi burashi imene idauma gwa.

"Ndinamva kwa mlonda kuti chagulidwa," adayamba bamboyo, akulankhula pang'onopang'ono ngati akulemba chilembo chilichonse. "Akuti chikakhala ku hotela, pamwamba pa anthu akudya ndi kuseka. Bwana, ine manda a mwana wanga sindinawaone. Amene alipo ndi awa. Felemu ndinakhoma ndine, muyeso wake ndimaudziwa. Ndinati nsalu yotuwa ndi mzere umodzi, angazindikire ndani? Ine ndalemba zovuta kuposa pamenepo. Loweruka ndinalowa ndi changa m'masaka, ndinatuluka ndi ichi."

"Nanga utoto wakudawu?"

Bamboyo adayang'ana chitinicho mwamanyazi. "Ndimafuna kulembapo dzina lake, pakati apo. Manda opanda dzina ndi manda anji? Ntchito yanga ndi yomweyo, ndikaona khoma lopanda kanthu manja amandiyabwa. Burashi ndinaviika. Koma ukakhala pa mpandopa n'kuyang'anitsitsa, zimakhala ngati akubwera chapatali, wachepa kwambiri, koma akubwera. Ndinaona kuti ndikalembapo ndimutsekera njira."

Mayiyo adalowa m'kachipindamo. Adayang'ana chithunzi, adayang'ana mpando umene udali utakumbika pakati chifukwa chokhalidwa, kenako adatola burashi youma ija nayigwira m'manja ake onjenjemera.

Sajeni adamva kutopa kwa zaka zake zonse kukutsikira m'mawondo. Zikadakhala zosavuta kutseka chitsekocho n'kukanena kuti sadapeze kanthu. Koma mlandu suwola, ndipo wapolisi amene amasankha yekha malamulo oti awasunge wasiya kale kukhala wapolisi. Komanso akadatero, mayiyo ndiye akadatsala ndi dzina la wachinyengo.

"Amisiri," adatero, "chisoni sichisandutsa kuba kukhala kubwereka. Chinthuchi chili ndi mwini wake. Chibwerera kumene chinachoka, ndipo inu mupita nane mukafotokoze zimene mwandiuzazi. Mayi, inu mulibe mlandu, kupatula bodza lija, limene mukakambirana ndi Mulungu wanu. Ngati mayi wa hotela ali ndi khutu, mukamupemphe nonse awiri, mumuuze chimene wagula. Ine sindikulonjezani kanthu. Anthu ena amamva, ena samva."

"Ndamva, bwana," adatero bamboyo. "Galimoto ili kuti?"

"Ya ku polisi ilibe mafuta. Munachibweretsa ndi manja, muchibweza ndi manja."

Bamboyo adachotsa chithunzicho pakhoma mosamala. Adafuna masaka, koma mayiyo adawakankhira kumbali ndi phazi. Chopanda masaka, chinsalu chachikulu chotere sichikadanyamulidwa ndi munthu mmodzi popanda kugwira pakati. Bamboyo adagwira kutsogolo, nayang'ana Sajeni.

"Msana wangawu ndi wa boma," adatero Sajeni. "Sindiloledwa kuuthyola."

Mayiyo adakoleka kachikwama paphewa, nagwira kumbuyo.

Adatuluka chammbali pa chitseko chopapatizacho, nalowa mu msewu wa osula zitsulo. Nyundo zidayamba kuleka imodzi imodzi. Wina adafuula kuti a Zikwangwani aiwala kulemba bolodi, anzake naseka, koma kuseka kwawo sikudapite patali.

"Mzere wanu unawongoka kwambiri," adatero mayiyo, akulankhula ndi nkhongo ya mwamuna wake.

Bamboyo adayenda pang'ono asanayankhe. "Wokhota sinditha."

"Ndikudziwa. Ndinazindikira ndisanakhale n'komwe pansi."

Kutsogolo kudali ngalande yoti adumphe. Bamboyo adasuntha dzanja kuti agwiritse bwino, zala zake zikuyandikira pa nsalu.

"Pang'onopang'ono, bambo a mwana," adatero mayiyo. "Musagwire pakati."

Bamboyo adaima. Sadacheuke. Sajeni adangoona mapewa otakata aja akukwera ndi kutsika, ndipo kutsogolo kwa chithunzicho, kumene kudali m'manja amene sadalembepo mzere wokhota, kudayamba kunjenjemera mofanana ndi kumbuyo.

Adawoloka ngalandeyo, napitirira. Wokankha ngolo wina adapatukira kumbali kuti adutse. Sajeni adatsala kumbuyo pang'ono, akukoka mwendo wake. Atayang'ana awiriwo atanyamula katundu wawo pakati pa msewu, wina kutsogolo wina kumbuyo, adazindikira kuti ankatsatira maliro, ndipo adavula chipewa.